Bilu ya gasi ndi magetsi: boma la UK limathandiza ndani nyengo yozizira ya 2025/26?

Make Tadala (Leeds): Moni nonse a pagulu. Ndili ndi funso, amene akudziwa bwino andithandize. Kuntchito anzanga akukamba za £150 imene akuti ikuchotsedwa pa bilu ya magetsi nyengo yozizira ino. Ine ndili pa viza yosamalira okalamba, ndipo inalembedwa kuti no recourse to public funds (NRPF), kutanthauza kuti sindiloledwa kulandira thandizo la ndalama za boma. Kodi ndalama imeneyi ingandipeze? Mita yathu ndi yolipiriratu, ikudya ndalama moopsa pomwe Disembala sanafike n'komwe.

Aphiri a ku Nottingham: Make Tadala, imene mukunenayo ndi Warm Home Discount. Inayamba mu 2011 ili £120, anaikweza kufika £150 mu 2022. Sakupatsani pamanja ayi, kampani ya magetsi imangochotsa pa bilu, ndipo ngati mita ndi yolipiriratu amatumiza vocha kapena kuthira mu mita momwemo. Mu 2025 anaifutukula kuti ifikire mabanja pafupifupi 6 miliyoni, chifukwa achotsa lamulo lija loti nyumba ikhale yovuta kutenthetsa. Koma ku England ndi ku Wales khomo lake ndi limodzi: muzikhala mukulandira thandizo la boma la anthu opeza zochepa, monga Universal Credit, Housing Benefit kapena Pension Credit, ndipo dzina lanu kapena la amuna anu likhale linali pa bilu pa 24 Ogasiti 2025. Poti viza yanu sikulolani kulandira zimenezo, kalata yake sibwera kwa inu. Pepani kuti ndayankha mosazungulira.

Make Tadala (Leeds): Zikomo achimwene. Ndimaganiza choncho, koma ndimafuna ndimve kwa munthu wodziwa.

Nachisale (Luton): Apa mpomwe mtima wanga umandiwawa. Aphiri, uzaninso anthu kumene £150 imeneyo imachokera. Siichokera m'thumba la boma. Makampani amaitolera kudzera m'mabilu a aliyense amene amalipira gasi ndi magetsi. Ndiye kuti Make Tadala, ine, ndi aliyense wa viza ngati yathu tikusonkha nawo ndalama imene sitidzailawa. Msonkho pa malipiro tikudulidwa, National Insurance tikudulidwa, pa bilu tikusonkhanso. Tsiku lonse timakhala tikuonetsetsa kuti agogo a eni ake afunda, chipinda chawo chatentha, tiyi wawo sanazizire, ndipo timachita ndi mtima wonse. Tikaweruka timakalowa m'chipinda chimene mpweya wotuluka m'kamwa umaoneka.

Ambewe (Manchester): Achemwali, ndikumvetsa, koma tisaiwale kuti lamulo la NRPF limeneli tinaliona tisanakwere ndege. Palibe anatibisira. Mantha anga ndi akuti zokamba ngati izi zimapangitsa ena kukayesa kufunsira zinthu zoletsedwa, kenako pokonzanso viza zimawatsata. Winter Fuel Payment (ya okalamba) ndi Cold Weather Payment (yoperekedwa kukazizira koopsa) zonse zili pa mndandanda wa public funds. Munthu wa NRPF asaziyandikire ngakhale wina amuuze kuti palibe angadziwe.

Nachisale (Luton): Sindinauze munthu kuti aphwanye lamulo, Ambewe. Ndanena kuti lamulolo ndi lopweteka. Kudziwa chinthu pasadakhale sikuchisandutsa chachilungamo. Komanso tinene zoona, ndani mwa ife amene ankadziwa tanthauzo la Januwale wa kuno ali ku Lilongwe? Tinkawerengera lendi ndi chakudya. Gasi sitinkamuwerengera.

Ambewe (Manchester): Pamenepo ndavomera. Ine ndikungoti tisamale.

Aphiri a ku Nottingham: Nonse awiri mukunena zoona. Kuti tisangothera pa kudandaula, tiyeni tione zimene zili zotseguka kwa aliyense, chifukwa zilipo ndithu. Make Tadala, kampani yanu ya magetsi ili pansi pa malamulo a Ofgem, bungwe loyang'anira makampani a gasi ndi magetsi, ndipo malamulowo safunsa za viza. Mita yolipiriratu imagwira ntchito ngati mayunitsi a ESCOM kwathu, koma pali kusiyana kumodzi kofunika: ndalama zikatha, kampani ikuyenera kukhala ndi emergency credit yoti ikukongozeni, komanso friendly credit kuti magetsi asazime usiku, kumapeto a sabata kapena pa tchuthi. Ngati m'nyumba muli mwana wamng'ono kapena wodwala, imbani muwauze kuti simukwanitsa kuthira mita, atha kukupatsani ngongole yowonjezera imene mumabweza pang'onopang'ono. Ndi ngongole inde, koma ndi yabwino kusiyana ndi kugona mumdima ndi mwana. Muwapemphenso akulembeni pa Priority Services Register, mndandanda wa makasitomala ofunika chisamaliro chapadera. Ndi yaulere, ndipo banja lokhala ndi mwana wosakwana zaka 5 limaloledwa.

Palinso mabungwe othandiza amene ndalama zawo si za boma. Fuel Bank Foundation imapereka mavocha a mita yolipiriratu, koma simupita nokha, amakutumizani ndi a Citizens Advice (bungwe lopereka uphungu waulere) kapena malo olandirirako chakudya. British Gas Energy Trust imathandiza pa ngongole ya bilu, ndipo ili ndi thumba lina limene ngakhale makasitomala a makampani ena amafunsirako. Yambirani ku Citizens Advice, muwauze poyambirira pomwe kuti ndinu a NRPF kuti asakulozereni khomo lolakwika.

Make Tadala (Leeds): Tadala ali ndi zaka zitatu. Mawa ndisanapite ku shifiti ndiwaimbira.

Anaphiri (nesi, Birmingham): Ndiloleni ndilowererepo ndi nkhani ina imene ndikuiopa kwambiri. Ndamva kuti ena akumayatsa makala m'nyumba, ena mbaula yowotchera nyama ija, ena akumasiya uvuni wa gasi wotsegula kuti chipinda chitenthe. Chonde abale anga, musachite zimenezo ngakhale tsiku limodzi. Nyumba za kuno zimatsekeka ndithu, mawindo agalasi ziwiri, zitseko zosalowa mphepo. Makala akamayaka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, ulibe fungo, ulibe mtundu. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru, kenako tulo, ndipo ena sadzukanso. Ana ndi amene amayamba kugonja. Mukaona kuti nonse m'nyumba mukumva mutu nthawi imodzi koma mukatuluka panja ukusiya, tsegulani mawindo, tulukani, imbani 0800 111 999, nambala ya ngozi za gasi, ndipo wina akakomoka ndi 999 basi. Ku England landilodi akuyenera kuika alamu ya mpweya umenewu m'chipinda chili chonse chokhala ndi boila ya gasi. Lero lomwe aliyense akayang'ane ngati ilipo, aidine aone ngati ikulira.

Chachiwiri, a zaumoyo kuno amalangiza kuti chipinda chimene mumakhalamo chizifika madigiri 18. Kuzizira kumakweza BP, kumautsa mphumu ndi chifuwa, ndipo ambiri a ife pagulu pano tili kale pa mankhwala a BP. Ku wodi timaona mmene odwala amachulukira ikangodutsa sabata ya chisanu choopsa.

Angozo (Sheffield): Anesi mwanena mawu. Ine ndiwonjezere masamu pang'ono, poti anthu ambiri akumazimitsa gasi n'kugula kahita kamagetsi poganiza kuti akupulumutsa ndalama. Pa mitengo ya Ofgem ya Okutobala mpaka Disembala 2025, yuniti imodzi ya magetsi inali pafupifupi 26p, ya gasi pafupifupi 6p. Hita ya 2kW imadya mayuniti awiri pa ola, ndiye 52p pa ola. Maola asanu patsiku, pamwezi mwataya pafupifupi £80 kutenthetsa chipinda chimodzi chokha. Bulangeti lamagetsi la 100W limadya 3p pa ola osafikanso. Ndiye ngati ndinu nokha ndipo mukungofuna kufunda pampando kapena pabedi, bulangetilo ndi limene lingakupulumutseni. Ngati muli ndi ana ndipo nyumba ili ndi mapaipi a gasi, yatsani gasiyo pa nthawi yoikika, mutseke maradiyeta a zipinda zosagonamo anthu.

Chinanso chimene chimasokoneza anthu ndi £1,755 imene inkatchulidwa pa nyuzi kumapeto kwa 2025. Si malire a bilu yanu ayi. Ndi chiyerekezo cha banja logwiritsa ntchito mwapakatikati pachaka. Chimene Ofgem imaikira malire ndi mtengo wa yuniti ndi standing charge. Mukagwiritsa ntchito zambiri, mulipira zambiri.

Nachisale (Luton): Standing charge imeneyo ndiye ina. Pa mitengo ya kumapeto kwa 2025, magetsi 50p ndi kanthu, gasi 30p ndi kanthu, tsiku lili lonse, ngakhale usayatse kalikonse. Mnzanga wina sanathire mita ya gasi chilimwe chonse, atathira £20 mu Okutobala gawo lalikulu linapita kubweza masiku onse aja. Wosauka amene akudzimana ndi amene imamupweteka kwambiri.

Agogo a Chikondi (Coventry): Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinapuma ntchito, mapepala anga ndi okhazikika, ndiye ndikambeko za mbali yathu okalamba, poti ena muli ndi makolo kuno. Winter Fuel Payment inayamba mu 1997 nthawi ya a Gordon Brown ali nduna ya zachuma, ndipo kwa zaka zambiri aliyense wofika msinkhu wa penshoni ankalandira. Mu Julayi 2024 mayi Rachel Reeves, ali nduna ya zachuma, analengeza kuti izipita kwa okhawo olandira Pension Credit ndi thandizo lina lotero. Okalamba pafupifupi 10 miliyoni tinagwa pamenepo, ine ndemwe. Penshoni yanga inkangodutsa malire pang'ono, ndiye sindinali wosauka mokwanira pa mapepala, koma nyumba inali yozizira mokwanira. Chisanu chimenecho ndinkakhalitsa ku laibulale masana chifukwa kumeneko kumatentha.

Anthu anadandaula kwambiri, ndipo mu Juni 2025 boma linabweza mawu. Pa nyengo ya 2025/26 aliyense wobadwa tsiku la 22 Sepitembala 1959 lisanafike akulandiranso, £200 ngati sunafike zaka 80, £300 ngati wafika. Amene amapeza zoposa £35,000 pachaka amapatsidwa koma a msonkho amadzaitenganso. Imalowa yokha ku banki mu Novembala kapena Disembala.

Pempho langa n'lakuti, amene muli ndi mayi kapena bambo wa mapepala okhazikika, muwafufuzire Pension Credit. Okalamba ambiri oyenera kulandira safunsira, ena manyazi, ena fomu imawatopetsa. Koma ndi imene imatsegula makomo ena, Warm Home Discount ndi Cold Weather Payment zimatsatira pambuyo pake. Amathanso kukubwezerani ya miyezi itatu yam'mbuyo.

Anaphiri (nesi, Birmingham): Zikomo amayi. Mwatikumbutsa kuti vutoli silili kwa ife a maviza tokha.

Abanda (Reading): Amayi, funso. Amayi anga amalandira Pension Credit ndipo akufuna kupita kumudzi ku Ntcheu kuyambira Disembala mpaka Malichi, kuthawa chisanu chomwechi. Pali vuto?

Agogo a Chikondi (Coventry): Lilipo, mwana wanga. Pension Credit imapitirira kwa masabata anayi okha munthu akatuluka m'dziko, kupatula pa zifukwa zapadera monga maliro kapena chithandizo cha kuchipatala. Awadziwitse a Pension Service asananyamuke. Akangopita osanena, adzawauza kuti abweze zimene analandira ali kunja, ndipo zimapweteka. Winter Fuel Payment yokha ilibe vuto ngati anali kuno sabata ya 15 mpaka 21 Sepitembala 2025, chifukwa ndi sabata imene amayang'ana pa nyengo ya 2025/26.

Abanda (Reading): Mwatithandiza kwambiri. Tikambirana kunyumba.

Nangozo (Glasgow): A ku Scotland tisasokonezeke, kuno zinthu zina ndi zosiyana. Cold Weather Payment kulibe. Kumwera kwanuko amapereka £25 pokhapokha kuzizira kukafika pa ziro kapena kutsika kwa masiku 7 otsatizana, pakati pa 1 Novembala ndi 31 Malichi, ndiye chaka china munthu salandira kanthu. Kuno anaisintha mu 2023 kukhala Winter Heating Payment, imabwera kamodzi pachaka kaya kwazizira kaya ayi, ya 2025/26 ndi £59.75. Ya okalamba kuno dzina lake ndi Pension Age Winter Heating Payment, ndipo pali inanso ya ana olumala. Zonsezi amayendetsa ndi a Social Security Scotland. Warm Home Discount kuno mu 2025/26, ngati simulandira gawo la Guarantee Credit la Pension Credit, mumafunsira nokha ku kampani yanu, ndipo ena amatseka msanga ndalama zikatha. Musadikire kalata.

Ambewe (Manchester): Koma £59.75 pa chisanu cha Glasgow ndi sabata imodzi yokha.

Nangozo (Glasgow): Ndi yochepa, sindikukana. Ubwino wake umadziwiratu kuti ibwera, umaiika m'mapulani. Ya £25 ija umakhala ukuyang'ana zanyengo, ndipo sabata ikhoza kuzizira koopsa koma osafika pa muyeso wawo chifukwa tsiku limodzi kunafundako.

Make Yamikani (Bradford): Ine vuto langa ndi lina. Timakhala m'nyumba yogawana, lendi inaphatikiza mabilu. Landilodi anatsekera bokosi loyatsira kutentha ndi loko, imayaka ola limodzi m'mawa, awiri madzulo. Ife a shifiti ya usiku tikamafika yazima kale. Khoma la kuchipinda kwathu lachita chuku chakuda kuseri kwa bedi ndipo mwana akutsokomola usiku. Ndikaopa kulankhula n'chifukwa choti kupeza nyumba ina ndi mwana n'kovuta.

Anaphiri (nesi, Birmingham): Make Yamikani, izi musazilekerere chonde. Mu Disembala 2020 ku Rochdale kunamwalira mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak, ndipo kafukufuku wa imfa yake anapeza kuti chinamupha ndi chuku cha m'nyumba imene ankakhala. Makolo ake anali atadandaula kangapo. Lamulo lotchedwa Awaab's Law, lokakamiza eni nyumba kukonza chuku msanga, linayamba kugwira ntchito pa 27 Okutobala 2025, ngakhale pakadali pano likukhudza nyumba za khonsolo ndi za mabungwe a nyumba. Mwanayo mupite naye kwa dokotala wanu (GP) sabata ino, muwauze za khomalo kuti zilembedwe. Bedi mulisunthe lichoke kukhoma.

Aphiri a ku Nottingham: Ndipo ngakhale nyumba ili ya munthu wamba, khonsolo ili ndi ofesi ya environmental health imene imayendera nyumba za lendi. Kuzizira kopitirira muyeso ndi chinyezi zili m'gulu la zoopsa zimene amayeza, ndipo ali ndi mphamvu yolamula landilodi kukonza. Kukadandaula kumeneko si public funds, sikukhudza viza yanu. Yambani mwamulembera landilodi uthenga, osati pakamwa, jambulani khomalo, sungani zonse. Ngati mukuopa kuthamangitsidwa, lankhulani kaye ndi a Shelter, bungwe lothandiza pa nkhani za nyumba, akuuzeni pamene mwaima. Yang'ananinso satifiketi ya EPC ya nyumbayo, yosonyeza mmene imasungira kutentha, pa webusaiti ya boma. Nyumba ya lendi siyenera kutsika pansi pa giredi E pokhapokha ili ndi chilolezo chapadera.

Make Yamikani (Bradford): Ndamva. Mantha alipo koma chifuwa cha mwanachi chikundiopsa kuposa landilodi.

Nachisale (Luton): Mukafuna munthu wokuthandizani kulemba uthengawo mundipeze ku inbox, tilembera limodzi.

Angozo (Sheffield): Funso kwa Aphiri. Nanga Household Support Fund ya ku khonsolo ija? Ena akuti a NRPF analandirako mavocha.

Aphiri a ku Nottingham: Imeneyo ndiye yofuna kuponda mosamala. Inayamba mu Okutobala 2021, ndalama zimachokera ku boma kupita ku makhonsolo a ku England, ndipo gawo la 2025/26 malire ake ndi 31 Malichi 2026. Khonsolo ili yonse imaika malamulo ake. Vuto ndi loti thandizo lina limene khonsolo imapereka mwa kufuna kwake limawerengedwa ngati public funds, pomwe lina, loperekedwa pansi pa malamulo ena, siliwerengedwa. Chitsanzo ndi Section 17 ya Children Act 1989: ngati mwana ali pa mavuto enieni, khonsolo itha kuthandiza banjalo ngakhale makolo ali a NRPF, ndipo thandizo limenelo si public funds. Bungwe la Project 17 limagwira ntchito yomweyi. Koma musasaine fomu chifukwa mnzanu wa tauni ina analandira. Afunseni a khonsolo akuyankheni polemba kuti ndalamayo ikuperekedwa pansi pa lamulo liti, ndipo ngati nkhani ikukhudza viza, funsani mlangizi wovomerezeka ndi Immigration Advice Authority kapena loya, osati wa pa TikTok.

Ambewe (Manchester): Izi ndi zimene ndimanena poyamba paja. Kufunsa kaye.

Nachisale (Luton): Kufunsa kaye inde. Koma ndikufuna tikumbukire chaka cha 2022. Mitengo itakwera nkhondo ya ku Ukraine itayamba, boma linapereka £400 ku nyumba ili yonse yokhala ndi mita ya magetsi, £66 kapena £67 pamwezi kuyambira Okutobala mpaka Malichi. Sanafunse pasipoti, sanafunse viza, ndipo sinawerengedwe ngati public funds. Ndiye njira yofikira aliyense ilipo, anaigwiritsapo kale ntchito. Thandizo la kutentha akanalimanga pa kuchepa kwa malipiro a banja, osati pa kulandira Universal Credit, wosamalira okalamba wa ana awiri akanalowa. Amene muli ndi ufulu wovota, ndipo Amalawi okhala kuno movomerezeka tili nawo poti ndife a Commonwealth, lemberani MP wanu. Okalamba atadandaula boma linamva pasanathe chaka.

Ambewe (Manchester): Okalamba alipo mamiliyoni ndipo amavota kwambiri, achemwali. Ife tilipo angati? Koma kalata ndilemba, sindiluzapo kanthu.

Agogo a Chikondi (Coventry): Lembani, ana anga. Nanenso ndilemba, chifukwa amene amabwera kudzasambitsa anzanga m'nyumba zawo ndi inu nomwe.

Make Tadala (Leeds): Pepani ndabweranso. Pafoni pangolowa uthenga woti sindinamalize kufunsira thandizo la kutentha, ndidine linki ndilembe nambala ya khadi lisanakwane mawa. Zoona zimenezi?

Angozo (Sheffield): Akuba amenewo, musadine. Mauthenga otere achuluka kwambiri chaka chino. A DWP, unduna woona za penshoni ndi thandizo la boma, satumiza linki yofunsa za khadi ya ku banki, ndipo Winter Fuel Payment imalowa yokha kwa ambiri oyenera. Utumizeni uthengawo ku 7726, nambala yonenezera mauthenga achinyengo, ndi ulere, kenako muufufute. Muwachenjezenso makolo ndi okalamba amene mumawasamalira, poti ndi amene akuwafuna kwambiri.

Nangozo (Glasgow): Kunonso ukufika, wina amalemba dzina la Social Security Scotland.

Anaphiri (nesi, Birmingham): Komaliza kwa ine, poti ndikulowa ntchito. Malaibulale ndi matchalitchi ambiri amatsegula zipinda zofunda nyengo ino, ena ali pansi pa Warm Welcome, ndipo pa webusaiti yawo pali mapu osonyeza malo apafupi. Safunsa mapepala. Mayi amene ali pa ofu ndi mwana atha kukakhala kumeneko masana m'malo moyatsa nyumba yonse. Admin, kodi tingaike pamwamba uthenga umodzi wokhala ndi manambala aja ndi mayina a mabungwewa?

Admin: Ndiika usiku uno. Aphiri ndi Nangozo munditumizire mndandanda, wa England padera, wa Scotland padera. Amene muli ku Wales ndi ku Northern Ireland tiuzeni za kwanuko, chifukwa ku Northern Ireland Warm Home Discount kulibe ndipo nyumba zambiri amatenthetsa ndi mafuta a mu thanki, ndiye mndandanda wa England sukawathandiza.